Lipoti la mtsikana wa zaka 13 amene mutu ndi m'mimba sizimatha, mayi ake ali chigonere ndi khansa

Ndine nesi, ndimagwira ku kiliniki ya palliative care pa chipatala china cha boma kuchigawo cha kummwera, ndiye kuti ife timaona anthu amene matenda awo sachizikanso koma ululu ndi mavuto ena titha kuchepetsako. Nkhaniyi ndailemba bambo a anawa atavomera, maina sinditchula ngakhale mudzi, ndipo zina ndasintha pang'ono kuti munthu asawazindikire. Ndalembera makamaka anzanga a ku OPD (kumene amaonera odwala osagonekedwa), ma HSA (alangizi a zaumoyo a m'midzi) ndi aphunzitsi, poti mwana ngati uyu amadutsa m'manja mwathu kawirikawiri ife nkumupatsa panado azipita.

Mmene anafikira kwa ine

Mtsikanayu sanabwere ngati wodwala wanga, wodwala wanga anali mayi ake, iye amabwera ngati gadiyani kudzatenga mofini, mankhwala amphamvu oletsa ululu. Tsiku lina mu Okutobala 2023 atakhala pa benchi kudikira botolo ndinamuona wagwira mutu ndi manja onse, maso ali psuu, nde mu jumbo mmene munali buku la kuchipatala la mayi ake munalinso lake. Ndinangoti tandionetsa lakolo. Pa masabata 6 anali atafika ku OPD kanayi. Koyamba mutu, kachiwiri mutu ndi m'mimba, kachitatu mtima kuthamanga ndi chizungulire, kachinayi anachita kumubweretsa aphunzitsi atakomoka pa asembule. Malungo anamuyeza katatu osapezeka, ulendo umodzi anapatsidwabe LA, mankhwala a malungo aja, mkodzo unali bwino, magazi otsikirako pang'ono koma osati oti munthu nkukomoka nawo, anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, anamuyezanso mimba chifukwa aphunzitsi amakayikira zimenezo, panalibe. Pa sikelo anali atatsika kuchoka pa makilogalamu 38 kufika pa 35 ndi theka.

Sindikunena anzanga a ku OPD ayi, mzere wa kumeneko ndimaudziwa, munthu umakhala ndi mphindi zochepa pa wodwala mmodzi ndipo zimene anayeza ndi zoyenera kuyeza. Koma mu bukumo munalibe paliponse pamene panalembedwa kuti kunyumba kuli wodwala. Palibe anafunsa, ine amene ndimamuona mwezi ndi mwezi sindinafunsenso, ndimangomufunsa za mayi ake kuti akudya, akugona, akuchita chimbudzi, iye nkumayankha bwinobwino ngati munthu wamkulu ine nkumayamika mumtima kuti gadiyani wanzeru uyu.

Za mayi ake ndi banja

Mayiwa anali ndi zaka 41, ana atatu, mnyamata wa zaka 16 ali Fomu 2 pa CDSS, mtsikanayu wa zaka 13 ali Sitandade 8, ndi mzime kamnyamata ka zaka 6. Asanadwale amagulitsa mandasi ndi tomato pamsika. Bambo ndi mlonda m'tauni, amachoka madzulo kubwera mmawa, munthu wofatsa woti amakonda banja lake koma usiku wonse sakhala pakhomo. Mayi anali pa ma ARV kwa zaka zambiri ndipo amamwa mokhulupirika, ana onse atatu anayezedwa alibe kachilombo.

Anayamba kutaya magazi osati pa nthawi ya msambo chakumayambiriro kwa 2022, anazengereza miyezi ingapo akumwa zitsamba, kenako atapimidwa khomo la chiberekero anatumizidwa ku Queens ku Blantyre kumene anadula kanyama nkupeza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, ili kale siteji 3, opareshoni siyingatheke. Analandirako chemo, mankhwala olimbana ndi khansa, koma makina a radiotherapy, owotchera chotupa cha khansa, nthawi imeneyo m'dziko muno munalibe, oti apeze thandizo limenelo amayenera kupita kunja. Khansa iyi ndi imene ikupha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse kuno kwathu, ndipo mayi amene ali ndi HIV mwayi woidwala ndi wochuluka pafupifupi ka 6 poyerekeza ndi amene alibe, nde nkhani ya mayiwa si yachilendo kwa ife. Anafika kwa ife mu Juni 2023 ali ndi ululu wa m'chiuno ndi msana, madzi onunkha akutuluka kumaliseche, magazi apo ndi apo. Tinawayambitsa mofini wa madzi maola 4 aliwonse, mankhwala oletsa kudzimbidwa, ndi metronidazole wa fungo lija. Mu Seputembala mwendo wa kumanzere unatupa.

Ana sanauzidwe kanthu. Mayi anandiuza okha kuti tinawauza kuti ndi BP ndi kuchepa magazi, asamadandaule. Kamzime kaja anakatumiza kwa agogo ake kumudzi mu Ogasiti kuti kasamaone zimenezi. Mnyamata wamkulu anayamba kujomba kusukulu nkumapalasa kabaza ya munthu, amabwera usiku, ndalama amasiya pa tebulo osalankhula ndi aliyense, kuchipinda kwa mayi ake samalowa.

Tsiku lake limayenda bwanji

Ulendo woyamba kucheza naye payekha anangoti ndili bwinobwino anesi, ndi mutu wokha. Ana athu analeredwa choncho, wamkulu akafunsa umati ndili bwino. Nde ndinasiya kufunsa kuti ukumva bwanji, ndinati tandiuza tsiku lako kuyambira podzuka mpaka pogona, usadumphe kanthu.

Amadzuka 4 koloko kukatunga madzi, achape nsanza za mayi kusanache kuti aneba asaone, aziyanike kuseri kwa bafa nkuphimba ndi chitenje chakale. 6 koloko mofini, phala, kuwasambitsa, kenako kusukulu atachedwa kale nkukapatsidwa chibalo chosesa kapena kulima chifukwa chochedwa. Pa buleki amathamangira kunyumba kukaona ngati bambo adzuka kupereka wa 10 koloko, poti bambo amakhala atopa ndi ulonda nthawi zina tulo timawapitirira. Akaweruka kuphika, kutsuka, kusaka nkhuni, 6 koloko mofini, 10 koloko mofini, nde wa 2 koloko usiku amatchera alamu pa kafoni ka mabatani ka mayi ake. Ndinamufunsa kuti ukapereka wa 2 koloko umagonanso? Anati ayi, ndimakhala tsonga kumvetsera. Kumvetsera chani? Anati ngati akupuma. Akakhala chete kwambiri ndimayika chala pamphuno pawo. Anandionetsa mmene amachitira, chala chamkombaphala chopingasa pansi pa mphuno yake, akundiyang'ana. Mwana ameneyu amagona maola atatu kapena anayi pa usiku kwa miyezi, yekha m'nyumba ndi munthu amene akutaya magazi, osauzidwa kuti chikuchitika ndi chani. Mutu ungaleke bwanji kupweteka.

Pamene ndinalakwitsa

Patapita masiku atatu tinapita kunyumba ndi HSA wa dera limenelo. Pa windo la kuchipinda panali botolo la mofini, sirinji yoyezera, ndi kope la kusukulu limene anajambula mizere ndi rula, tsiku lililonse timabokosi 6, akapereka amachonga, ndipo sanadumphe ngakhale kamodzi. Ine chinandigwira mtima nde ndinafulumira. Ndinauza bambo kuti mwanayu asiyiretu zonsezi, ayitane munthu wamkulu, iye ntchito yake ndi sukulu basi. Bambo anamvera, anayitana mng'ono wawo wa mayiwa, amayi aang'ono a anawa, nkubwera ndi khanda lawo kumbuyo, mtsikana uja anamusamutsa kuchipinda kwa mayi ake azigona pabalaza, kope lija analitenga amayi aang'ono.

Sabata yotsatira zinthu zinafika poipa. Anasiya kudya, anakomokanso kusukulu, usiku amamupeza wakhala pakhomo la chipinda mumdima. Kwa ine anafika osandiyang'ana kumaso. Ndinali nditamulanda chinthu chokhacho chimene chimamupatsa mphamvu, ndipo sindinamufunse nkomwe, ndinangomupangira chiganizo ngati mmene akuluakulu onse amamuchitira. Choipa kwambiri, chimene ndinadzadziwa pambuyo, iye anamva ngati tamuchotsa chifukwa tazindikira kuti ndi iyeyo akudwalitsa mayi ake.

Nkhani ya mchere

Chinatitsegula maso ndi dandaulo la bambo, anangolinena modutsa tikuperekezana pa msewu. Anati anesi mwanayu wasintha, masiku ena amaphika ndiwo zopanda mchere, ukamufunsa amangolira. Ndinaima. Munthu wamkazi wokulira kuno sungafune kuuzidwa kawiri.

Ndinamuyitana ku kiliniki masana anthu atachepa, ndinatseka chitseko, nkumufunsa kuti masiku amene suthira mchere aja amakhala masiku ati. Analira nthawi yaitali, ine ndinangokhala. Kenako zonse zinatuluka. Anatha msinkhu kumapeto kwa Ogasiti, sanauze munthu, poti amuuze ndani, mayi ali chigonere, agogo ali kutali, bambo ndi bambo. Ataona magazi chinamufikira koyamba ndi choti matenda a amayi aja andigwira inenso, chifukwa magazi amene iye amawadziwa ndi a pa nsanza zimene amachapa mmawa uliwonse. Anzake kusukulu ndi amene anamuuza kuti wakula, nkumuuzanso kuti ukakhala kumwezi suthira mchere mu ndiwo, umayitana mwana wamng'ono athire, ukathira wekha umadula anthu. Koma mwana wamng'ono wa m'nyumbamo anali atatumizidwa kwa agogo, ndipo kuyitana mwana wa aneba ndiye kuti mudzi wonse udziwa. Nde mwezi woyambawo anathira yekha. Patangopita masabata awiri mwendo wa mayi unatupa, kunabwera amayi ena kudzazonda, iye ali kukhitchini anamva mmodzi akunena kuti kutupa uku ndi tsempho uku, alipo wina wake m'nyumba muno sakusamala. Anati kuyambira tsiku limenelo ndimadziwa kuti ndikupha amayi ndine. Mutu unayamba sabata yomweyo, ndinayang'ana mu buku lake deti la ulendo woyamba wa ku OPD, zinagwirizana ndendende.

Sindinamuuze kuti za mdulo ndi zachabechabe, mwana amene wakhulupirira chinthu kwa miyezi iwiri sasiya chifukwa nesi waseka, komanso ndi mwambo wa agogo ake ndi anthu amene adzakhale nawo ife titachoka. Ndinatenga buku la mayi ake nkutsegula tsamba la 2022, ndinati werenga wekha deti ili. Anawerenga. Ndinati nthawi imeneyi unali Sitandade chani, unali utakula? Anati ayi. Ndinati nde matenda amene anayamba chaka ndi theka iwe usanakule, mchere wa mu Ogasiti ungawayambitse bwanji? Anawerenganso detilo kawiri akuloza ndi chala. Za mwendo ndinamujambulira papepala kuti m'chiuno mwa amayi muli chotupa chimene chikupanikiza njira za madzi ndi magazi ochokera kumwendo, ngati munthu waponda payipi, ndipo ndawaona amayi ambiri a matenda amenewa mwendo utatupa chimodzimodzi, ena alibe ndi mwana wamkazi yemwe.

Za magazi ake ndinamufotokozera kuti msambo ndi chani, umabwera liti, umatha masiku angati, ndipo ukusiyana bwanji ndi zimene zikuchitikira amayi. Mwamwayi mu buku lake lakale munalembedwa katemera wa HPV amene anabayidwa kusukulu ali ndi zaka 9, katemerayu boma linayamba kupereka dziko lonse mu 2019. Iye amangokumbuka kuti anabayidwa pamkono. Ndinamuuza kuti jakisoni ameneyu ndi woteteza ku kachilombo kamene kamayambitsa matenda ngati a amayi, ndipo akadzakula azidzapimitsabe. Dzina la matenda sindinalitchule tsiku limenelo, ameneyo anali mawu a mayi ake oti anene okha, ndinangomulonjeza kuti ndikalankhula nawo kuti iye auzidwe zoona. Ndinamupemphanso chilolezo choti nkhani ya kukulayi ndiuze mayi ake ndi amayi aang'ono, anavomera koma anati bambo ndi achimwene asamve.

Ndinamufunsa mosabisa ngati anaganizapo zodzipha. Ambiri timaopa funsoli kuti timupatsa mwana maganizo, si zoona, mwana amene akuganiza zimenezo amapepukidwa wina akafunsa. Anati nthawi zina ndimafuna nditangogona osadzukanso, koma sanakonzepo njira ndipo sanayeserepo, chimamuletsa ndi choti amayi atsala ndi ndani. Tsiku lomwelo ndinauza bambo kuti mofini azikhala mu bokosi lokiya kiyi ali ndi munthu wamkulu, mankhwala a makoswe ndi a mbewu achoke m'nyumba, ndipo izi ndimayenera kuziona kale ulendo woyamba uja nditapeza botolo pa windo. Mwanayo ndinamulembera 116, nambala yaulere yothandiza ana, kuti usiku zikamukulira ayimbe.

Mmene ndinaonera vuto lake, mogwirizana ndi a kiliniko ofisa athu, ndi nkhawa yaikulu imene imatulukira m'thupi, kusagona kwa nthawi yaitali, kudziimba mlandu, ndi zizindikiro zina za matenda okhumudwa, zonse zochokera pa kudwazika kholo mobisiridwa. Mapilitsi a maganizo sitinamupatse, tinagwirizana kuti pakatha masabata 4 osasintha kapena maganizo ofuna kufa aja akakula timutumiza kwa a mental health a pa chipatala pathu.

Kuwauza ana

Mayi nditawauza za kukula kwa mwana analira kuposa tsiku limene anauzidwa za khansa. Anati mwana wanga wakula ine ndili m'nyumba momwemo osadziwa, wachapa zanga ndi zake pamodzi. Za mchere zija anangogwira pakamwa. Anavomera nthawi yomweyo kuti ana auzidwe, koma anati achimwene anga abwere kaye, ndipo ndi zoona, kwa anthu a chikamwini nkhani yotere siyingadutse mwinimbumba.

Amalume anabwera Lamlungu. Tinakhala pakhonde ine, HSA, bambo, amalume, amayi aang'ono, mayi atagona pa mkeka pafupi ndi chitseko. Amalume anakana poyamba, anati mwana sauzidwa za imfa, kutchula chinthu ndi kuchiyitana, komanso matenda a kumalo obisika a mayi ake mwana wamwamuna amve bwanji. Sanali munthu wovuta ayi, amafuna kuteteza adzukulu ake mmene iye analeredwera. Ndinati amalume, ine sindikufuna kuti ana auzidwe chimene sakuchidziwa, mwana amene akuchapa nsanza mmawa uliwonse akudziwa kale kuti si BP, chimene sakudziwa ndi dzina lake ndi chifukwa chake, ndipo pamene ife takhala chete iye wadzipezera yekha chifukwa, wadziloza yekha. Zambiri sindinaulule. Anakhala chete nthawi, nde mayi anayankhula ali chigonere, anati achimwene ndiloleni ndiwauze ndekha ndikadali ndi mawu, asadzamve kwa anthu pa maliro. Amalume anangoti chabwino mlongo wanga.

Tinagwirizana mawu oti anene, ndipo ananena okha kwa awiri akuluwo ine ndili pambali. Anati ndili ndi khansa ya chiberekero, inayamba kalekale, palibe anandilodza ndipo palibe wa inu analakwitsa kanthu, adokotala ayesetsa koma siyichizika, mankhwala ndikumwawa ndi oletsa ululu. Mtsikana anafunsa kuti nde mumwalira? Mayi anati eya mwanawe, tsiku lake sitikulidziwa, koma lero ndilipo. Anafunsanso kuti ife tidzakhala ndi ndani, bambo anayankha kuti mudzakhala ndi ine pompano, palibe adzakugaweni. Funso limeneli makolo ambiri sakonzekera koma ana onse amakhala nalo, ife tinali titakambirana kale ndi amalume kuti yankho likhale limodzi. Mnyamata sanafunse kanthu, anadzuka nkutenga njinga nkumapita, anabwera mawa lake.

Zimene tinasintha

Ulendo uno ndinamufunsa mwini wake kuti pa ntchito zonse zija ndi ziti ukufuna zikhale zako, ndi ziti zikukulemera. Anasankha phala la mmawa, kuwapesa ndi kuwaluka tsitsi, kuwadzoza mafuta mwendo wotupa uja madzulo, ndi kope lija, anati kuchonga ndizichonga ndine. Kuchapa nsanza, kuwasambitsa kumusi ndi mofini yense zinapita kwa akuluakulu. Anabwerera kuchipinda kwa mayi ake koma pa mphasa yake, alamu anachotsa. Wa 2 koloko usiku tinayesa kuuchotsa powonjezera mlingo wa 10 koloko, zinayenda kwa masabata angapo, ululu utakula tinaubwezeretsa azipereka amayi aang'ono. Amayi a Mvano a kumpingo kwawo anagawana masiku, awiri pa sabata amabwera kudzachapa ndi kutunga madzi, ndipo izi zinathandiza kwambiri mu Novembala kwacha itagwa ndi 44 peresenti, sopo ndi shuga zitakwera, malipiro a ulonda ali pomwepo. Ku ofesi ya social welfare tinakanena, anabwera kudzaona anawo nkuwalemba.

Chilangizo anachita amayi aang'ono ndi agogo monga mwa mwambo, koma mayi anapempha kuti chichitikire kuchipinda kwawo iwo akumva, nkumupatsa zitenje zawo ziwiri zimene amasunga mu sutikesi. Za mchere agogo anati mwambo ulipo koma amene anadwalitsa mwana wanga si iwe, ndipo mawu amenewa kuchokera kwa agogo analemera kuposa zonse zimene ine ndinajambula papepala.

Kamzime tinapempha kabwerere. Kwa agogo kanali katayamba kukodza pogona, chinthu chimene kanasiya kali ndi zaka zitatu, kamakana kudya nkumakhala pa msewu kudikira minibasi, kamaganiza kuti anakathamangitsa chifukwa kamasokosa amayi akudwala. Kanauzidwa mwachidule kuti amayi akudwala kwambiri matenda otchedwa khansa, si iwe unawayambitsa, sapatsirana, ukhoza kuwakhudza ndi kugona pafupi nawo. Ntchito yake inali kubweretsa kapu ya madzi, ndi kuthira mchere masiku amene achemwali ake akapempha. Kukodza pogona kunachepa pang'onopang'ono, pofika Khirisimasi kunali kwa apo ndi apo.

Kusukulu ndinapita ndekha ndi bambo, tinakumana ndi ahedi ndi mayi mmodzi wa mother group, gulu la amayi othandiza atsikana pasukulu. Sitinatchule matenda, tinangoti mayi ake akudwala kwambiri ndipo iye akuthandiza kudwazika. Chibalo cha kuchedwa chinatha, ndipo aphunzitsi amene amakayikira mimba aja ndi amene anadzakhala omufunsa tsiku ndi tsiku ngati wadya.

Zotsatira

Ndimamuona masabata awiri aliwonse, mphindi 20 kapena 30, nthawi zambiri tsiku lotenga mofini. Pa sabata yachinayi mutu unali wa apo ndi apo, m'mimba munasiya, sanakomokenso, amagona maola 6 kapena 7, maganizo ofuna kusadzuka aja anati anachoka, ndimafunsabe ulendo uliwonse. Mu Januwale sikelo inabwerera pa 38. Kulira sikunathe, mwinanso kunachuluka, koma tsopano amalira pamaso pa anthu, nthawi zina limodzi ndi mayi ake akuwaluka tsitsi, ndipo ine zimenezo sindinazilembe ngati vuto. Mayi anayamba kumuuza nkhani za ubwana wawo, kaphikidwe ka mandasi awo ndi miyezo yake, iye nkumalemba kumapeto kwa kope la mofini lija.

Mnyamata ndi amene sitinamuthe. Ndinayesa kumuyitana katatu, anabwera kamodzi, anakhala chipewa chili kumaso nkumati zili bho. Chimene chinasintha ndi choti anayamba kulowa kuchipinda, osalankhula, amangowanyamula mayi ake kuwatulutsa padzuwa mmawa nkuwabwezera, ndipo ndi iye amawakweza pa njinga kubwera nawo ku kiliniki pamene amathabe kukhala tsonga. Kusukulu sanabwerere. Ndikuona kuti tinachedwa naye, maso athu onse anali pa mtsikana chifukwa iye ndi amene amakomoka, mnyamata amene akubweretsa ndalama aliyense amangoti wakula, komanso pa kiliniki pathu panalibe mwamuna woti akhale naye pansi mwachifatse.

Mayi anamwalira kumapeto kwa Malichi 2024, kunyumba, mbandakucha. Masiku atatu zisanachitike ndinawauza a pabanja zizindikiro zoti ayembekezere, kugona kwambiri, kusiya kumwa, kapumidwe kosintha, ndipo mtsikana ndinamufunsa ngati akufuna adzadzutsidwe nthawiyo ikafika. Anati eya. Amayi aang'ono anamudzutsa, anawagwira dzanja mpaka kumapeto. Kamzime amalume anakanyamula okha kukaona nkhope, katafunsa kokha.

Mayeso a Sitandade 8 analemba mu Meyi. Mu Juni anabwera ndi bambo ake kudzabweza mofini wotsala, mutu unali utabwererako masabata a pambuyo pa maliro koma iye mwini anati ndi maganizo anesi, si malungo, ndipo sanapite ku OPD. Anandifunsa ngati kope lija liyenera kutsala ku chipatala limodzi ndi botolo, ndinati ayi ndi lako. Ndinamuonanso mu Seputembala 2024, akudya, akusewera netibolo, ana awiri aang'onowo ali pakhomo pa bambo awo ndipo amayi aang'ono amabwera kumapeto kwa mwezi. Amadzukabe 2 koloko usiku masiku ambiri popanda alamu, amati amapita kukaona mng'ono wake ngati wafunda nkubwerera kukagona. Tagwirizana kuti azibwera miyezi itatu iliyonse, ndipo mu Malichi, mwezi umene mayi ake anamwalira, abwere kawiri. Mnyamata bambo akuti anapita kunyanja ndi anzake kukagwira ganyu ya usodzi, amayimba foni mwa apo ndi apo, ndawapempha kuti akabwera adzandiuze tsiku lomwelo, ndipo HSA wathu wamwamuna wavomera kuti adzapita kukamuona kunyumba.